Siponji kapena golovesi: ndizitsukira chiyani galimoto yanga yakuda?

Funso: Chaka chatha ndinagula Honda Fit yakuda yochokera ku Japan. Itangofika inkanyezimira moti munthu ankadziona nkhope pachitseko, koma pano ikaima padzuwa ikuoneka timizere tozungulira pa boneti ndi m'zitseko monse. Timaitsuka pakhomo ndi siponji, ndowa imodzi ndi sopo waufa, ndipo m'mawa uliwonse mnyamata wapakhomo amaipukuta fumbi ndisananyamuke kupita kuntchito. Mnzanga wina akuti vuto ndi siponjiyo, ndigule golovesi yotsukira galimoto. Ndaiona m'sitolo, koma mtengo wake ndi wa masiponji angapo. Kodi pali kusiyana kwenikweni, kapena ndi njira chabe yotidyera ndalama? Ndine bambo wa ku Area 49, Lilongwe.

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo sanakunamizeni. Kusiyana kulipo, ndipo ndikanakhala ine mwini galimoto yakudayo ndikanagula golovesi ya microfibre (nsalu yofewa ya ulusi woonda kwambiri), siponjiyo n'kuisiyira matayala. Koma musaganize kuti mukangobwera nayo golovesiyo kunyumba ndiye kuti timizere tasiya kubwera. Mwatchula zinthu zinayi: siponji, ndowa imodzi, sopo waufa ndi kupukuta fumbi m'mawa. Pa zinayizi, chimene chikuwononga kwambiri penti yanu ndi kupukuta kwa m'mawako, chotsatira ndi ndowa imodziyo, ndipo siponji ikubwera pachitatu. Mukasintha siponji yokha n'kusiya zinazo momwe zilili, ndalama yanu ipita pachabe ndipo mudzamunena mnzanuyo kuti ndi wabodza.

Penti ya magalimoto a masiku ano imapakidwa m'magawo. Pansi pali yogwira chitsulo, pakati pali ya mtundu, imene kwa inu ndi yakudayo, ndipo pamwamba pali ina yopanda mtundu imene opopera penti amati clear coat. Zonsezi pamodzi, galimoto ikamachoka kufakitale, nthawi zambiri zimakhuthala ma micron pakati pa 100 ndi 150 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi), ndiye kuti ngati kukhuthala kwa pepala limodzi la A4 kapena kuposerapo pang'ono. Clear coat payokha imakhala ma micron 40 mpaka 50 basi, pafupifupi theka la pepalalo. Kunyezimira konse kumene munakuona galimoto itangofika kumachokera pa kagawo kameneka, ndipo ndi komwekonso kamatchinjiriza mtundu ku dzuwa. Mukamaona magalimoto ena m'tauni denga ndi boneti zitayera mbuu, penti ikusupuka, dziwani kuti kagawo kameneka ndi kamene katha. Opolisha magalimoto amadziwanso kuti penti ya magalimoto ambiri a ku Japan, kuphatikizapo Honda, ndi yofewa poyerekeza ndi ya magalimoto ambiri a ku Germany. Imakalika msanga, ngakhale kuti imaveranso msanga ukamaipolisha.

Tsono chimene chimaikala si siponji payokha. Siponji yatsopano, yoyera, yonyowa ndi thovu, mutaiyendetsa pa penti yopanda fumbi singasiye chilichonse chooneka. Wolakwa ndi mchenga. Fumbi la m'misewu yathu limaoneka lofewa likakhala pa boneti, koma muli timiyala ting'onoting'ono, tambiri ta mwala wa quartz, umene pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala uli pa 7. Galasi wamba lili cha pa 5.5. Ngati mchenga umatha kukala galasi, nanga penti, yomwe kwenikweni ndi pulasitiki wouma, ingalimbe bwanji? Aliyense amene anakwechapo mphika kumudzi akudziwa kuti chochotsa mwaye si chiguduli chili m'manjacho koma mchenga umene chigudulicho chikukankha. Ndi zomwezo zikuchitika pa Fit yanu, kungoti inu simunafune kuikwecha. Choncho pofuna kudziwa ngati chotsukira chili chabwino, funso n'lakuti: kamchenga kakachoka pa penti, chotsukiracho chimakapititsa kuti?

Siponji ili ndi nkhope yosalala. Mukaikanikiza pa chitseko, timabowo take timaphwatalala, ndipo kamchenga kalikonse kamene kali pakati pa siponji ndi penti kalibe kothawira. Kamatsalira pomwepo, inu n'kumakakoka kuchoka kutsogolo kwa chitseko mpaka kumbuyo, n'kubwereranso nako. Mudzayese Loweruka likubwerali: tsukani m'munsi mwa chitseko chakutsogolo, kuseri kwa tayala kuja, ndiye musanaviike siponjiyo m'ndowa muitembenuze muione. Mudzapeza nkhope yake yafiira ndi dothi la katondo, ndipo mukayendetsapo chala mudzamva kukhakhala. Dothi lonselo lili pamwamba penipeni, pamalo amene akhudzenso penti mukangobwezeretsa dzanja.

Masiponji sali ofanana onse. Oipa kwambiri ndi awiri amene ndimawaona kawirikawiri m'makomo ndi m'malo otsukira magalimoto a m'mbali mwa msewu. Woyamba ndi chidutswa cha matiresi akale. Timabowo take ndi tating'ono kwambiri, mchenga sulowa mkati ndipo umene walowa suchoka, komanso chikakalamba chimanyenyeka. Wachiwiri ndi siponji ya kukhitchini ija yokhala ndi mbali yobiriwira. Mbali yobiriwirayo anaipanga dala kuti izikwecha, ndipo munthu akaitenga kuti achotse ndowe ya mbalame kapena phula pa chitseko, pamatsala chigamba chothimbirira chimene madzi sangachotse. Imeneyo isayandikire n'komwe galimoto, pamodzi ndi siponji yoyera yofufutira makoma ija, chifukwa nayonso imapala ngakhale imamveka yofewa m'manja.

Golovesi imagwira ntchito mosiyana chifukwa ilibe nkhope yosalala. Ili ndi ubweya kapena tizingwe tambirimbiri totalika, ndipo chimene chimakhudza penti ndi nsonga zake zokha. Kamchenga kakanyamuka pa penti kamakankhidwira m'kati, pakati pa tizingweto, kutali ndi pamene pakukhudzana. Ulusi wa microfibre ndi woonda kwambiri, wosafika ma micron 10, ndipo nthawi zambiri amaupanga posakaniza polyester ndi nayiloni, magawo 80 kwa 20 kapena 70 kwa 30, monga mudzaonere pa kapepala kake. Ulusi woonda chotere umakola dothi n'kuligwira m'malo molikankha. Golovesi imasunganso madzi ambiri a sopo amene amatuluka pang'onopang'ono mukamayendetsa dzanja, ndiye pamakhala poterera nthawi yonse. Palinso phindu lina limene anthu salitchula kawirikawiri: dzanja likakhala m'kati mwa golovesi limatambasuka, mphamvu imagawika pachikhatho chonse, pamene siponji munthu amaifumbata n'kumakanikiza ndi nsonga za zala. Komanso chimene chavalidwa sichigwa pansi wamba.

M'masitolo a zipangizo za galimoto mudzaipeza italembedwa kuti wash mitt, ndipo ilipo ya mitundu ingapo. Yofala ndi ya tizingwe tonenepa tolendewera, imene amalemba kuti chenille. Imeneyi ndi imene ndingakuuzeni kuti muyambe nayo: siidula kwambiri, imachapika, ndipo mchenga umachokamo mosavuta mukaitsukuluza. Ina ndi ya ubweya wautali wa microfibre, yofewa kuposa yoyambayo koma yofuna kutsukuluza mosamala. Ndiye pali ya chikopa chenicheni cha nkhosa. Pa kufewa palibe yoiposa, koma ine sindikulimbikitsani. Ndi yodula, siifuna sopo wamphamvu, ndipo ikasungidwa yonyowa chikopacho chimawola, ubweya n'kuyamba kuthothoka, pamene ikaumitsidwa padzuwa lathuli chimauma gwa n'kung'aluka. Imeneyo ndi ya munthu amene amatsuka yekha galimoto yake n'kukhala ndi nthawi yolera chotsukira. Pogula, ipindeni muone ngati pansi pa tizingweto pakuoneka msanga. Ngati pakuoneka, tizingwe n'tochepa, isiyeni. Yang'ananinso msoko wa m'mbali ndi lamba wa pamkono kuti zisakhale zolimba. Magolovesi ena ali ndi mbali imodzi ya ukonde wokhakhala, akuti yochotsera tizilombo tofera pagalimoto. Mbali imeneyo muziigwiritsa ntchito pa galasi pokha. Ndipo sankhani ya mtundu wowala, yoyera kapena yachikasu, kuti dothi lizioneka.

Golovesi nayo ili ndi mbali yake yoipa, ndipo imachokera pa ubwino wake womwewo. Popeza imagwira dothi, siilitaya yokha. Siponji mukaifinya kawiri katatu m'madzi oyera zambiri zimachoka, koma golovesi imafuna kuti muipese ndi zala m'madzimo mpaka mchenga utuluke. Ikagwa pansi ndiye basi, tsiku limenelo yapuma mpaka ichapidwe bwinobwino. Ndinaonapo golovesi yabwino ndithu itayanikidwa pa kapinga pamodzi ndi zovala. Pomaitola inali itatola njere za chisoso ndi timitengo touma, zitakanirira m'kati mwa tizingwe moti pozichotsa panafunika kukhala pansi n'kumazula imodziimodzi. Munthu atavala yoteroyo osaiyang'ana, angakale boneti kuposa mmene siponji ikanachitira. Golovesi yauve yoviikidwa m'ndowa yauve ndi yoopsa kuposa siponji yoyera yogwiritsidwa ntchito mosamala, ndipo apa ndi pamene pakubwerera nkhani ya ndowa yanu imodzi ija.

Mukamaliza kutsuka ndi ndowa imodzi, musanataye madziwo, khuthulani pang'onopang'ono ndipo mupise dzanja pansi pake. Mudzatola mchenga wodzaza nsonga za zala. Mchenga umenewo mwakhala mukuuvundula nthawi iliyonse imene mumaviika siponji, n'kumaubwezera pa galimoto pamodzi ndi thovu. Mankhwala ake ndi ndowa yachiwiri. Imodzi ikhale ya madzi a sopo, inayo ya madzi oyera okhaokha. Mwaviika golovesi mu sopo, mwatsuka gawo limodzi, tinene theka la denga, ndiye musanabwerere ku sopo muyambe mwaitsukuluza m'madzi oyerawo, kuipesa ndi dzanja linalo, kuifinyira pansi, kenaka ndi pamene muitengere sopo wina. Pomaliza mudzaona ndowa yotsukuluzira yafiira, ya sopo ikadali yoyera. Ogulitsa zipangizo ali ndi kasefa kapulasitiki koika pansi pa ndowa kuti mchenga ukadikha usavundukenso. Ngati simukapeza, kadengu kapulasitiki ka mabowo kovundikira pansi pa bigili kamachita ntchito yomweyo, bola golovesi isamafike pamene pakudikha mchenga. Madzi otsukuluzira akada kwambiri muli pakati, tayani muthire ena.

Ndowa zonsezo zisanayambe ntchito, galimoto iyambe yathiridwa madzi. Ambiri amadumpha pamenepa pofuna kusunga madzi, chonsecho mchenga wochoka ndi madzi okha ndi umene sungakale chilichonse chifukwa palibe chaukhudza. Ngati muli ndi payipi, yambani kudenga kutsika m'munsi, n'kukhalitsa kuseri kwa matayala ndi kumbuyo. Magalimoto odulidwa kumbuyo ngati Fit, Vitz kapena Sienta amaunjika fumbi lambiri pachitseko chakumbuyo chifukwa mphepo imazungulira pamenepo galimoto ikamayenda, ndipo m'miyezi ya fumbi, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, mukhoza kulembapo dzina. Musalembe. Ngati mpopi wauma, monga umachitira nthawi zina, kheni yothirira kudimba imakwanira. Chabwino koposa ndi sipuleya yoberekera kumsana ya malita 16 ija, chifukwa imaponya madzi ndi mphamvu koma osatha ambiri, bola ikhale yoti sinalowemo mankhwala a m'munda. Nthawi ya dzinja, matope ouma muziwanyowetsa n'kudikira mphindi zingapo afewe agwe okha, osawakokolola ndi golovesi.

Potsuka penipeni, yambani kumwamba kumene kuli dothi lochepa: denga, magalasi, boneti, kumtunda kwa zitseko. M'munsi mwa zitseko, mabampala ndi kumbuyo zikhale zomalizira, ndipo ngati thumba likulola gulani magolovesi awiri a mitundu yosiyana, ina ya kumtunda ina ya m'munsi. Musakanikize. Kulemera kwa golovesi yonyowa ndi dzanja lanu n'kokwanira, ndipo chimene sichinachoke mutadutsapo kawiri sichikufuna mphamvu koma kunyowetsedwa kapena mankhwala ake, monga phula la pamsewu ndi utomoni wa mitengo. Anthu amalangizana kuti dzanja liziyenda mowongoka osati mozungulira, ndipo ndi malangizo abwino, koma osati pa chifukwa chimene ambiri amaganiza. Timizere timene mukutiona sikuti n'tozunguliradi. N'tambirimbiri tolowera mbali zonse, ndiye dzuwa likawomba, timene timathwanima ndi tokhato topingasa kuwala, ndipo maso amaona ngati tazungulira dzuwalo. Mukasuntha, mudzaona kuti mkomberowo ukusuntha nanu. Ubwino woyenda mowongoka ndi woti kamchenga kakakupulumukani kamasiya mzere wolowera mbali imodzi, umene suoneka paliponse pamene munthu waima, komanso simubwereza malo amodzi kambirimbiri. Magalimoto oyera ndi asiliva nawo ali nato timizere timeneti, kungoti pa penti yakuda kamzere koyera kalibe pobisala.

Tsopano za mnyamata wanu. Iyeyo sakulakwa dala, akuchita zimene akuganiza kuti bwana akondwera nazo, ndipo mwina munamuuza ndinu. Koma nsanza youma pa fumbi louma, popanda madzi kapena sopo woti pakhale poterera, ndi njira yachidule kwambiri yothera clear coat, ndipo zikuchitika tsiku ndi tsiku pamene kutsuka ndi siponji kumachitika mwina kamodzi pa sabata. Nsanza yonyowa pang'ono siithandiza kwenikweni, imangosandutsa fumbilo phala lokwechera. Mukhale naye pansi mumuonetse timizereto ndi tochi ya foni madzulo, kuti aone yekha chimene mukunena, ndipo mumuuze kuti m'mawa azipukuta magalasi okha ndi nsalu yake yapadera yonyowa bwino. Thupi la galimoto alisiye ndi fumbi lake mpaka tsiku lotsuka. Ndikudziwa kuti kufika kuntchito ndi galimoto yafumbi kumachititsa manyazi ena, koma fumbi lokhala phee pa penti silikala. Ngati simungapirire, aziithira madzi okwanira n'kuitsuka ndithu. Chosayenera kudikira Loweruka ndi ndowe ya mbalame kapena ya mileme, chifukwa imadya penti makamaka padzuwa. Ikani kansalu konyowa pamwamba pake kwa mphindi zingapo, ikafewa muinyamule osakwecha.

Sopo waufa musiyireni zovala. Timibulu take sitisungunuka tonse m'madzi ozizira, ndi wamphamvu moti amachotsa polishi yense amene munapaka, ndipo m'kupita kwa nthawi amayeretsa mapulasitiki akuda ndi malabala a m'mawindo. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wabwinoko pang'ono koma nayenso amachotsa polishi. Shampu wa galimoto anamupanga kuti aziterera, ndipo kutererako n'kumene kumathandiza kuti mchenga utsetsereke m'malo mokumba. Botolo limodzi limakhalitsa chifukwa mumathira pang'ono, monga mwa muyeso wolembedwa pabotolopo.

Poumitsa napo pamakalika magalimoto ambiri otsukidwa bwino. Malaya akale, thaulo la pakaunjika louma gwa, kapena mutton cloth imene yapukuta kale marimu, zonsezi zimabweza zimene mwapewa potsuka. Pezani thaulo lalikulu la microfibre, muliyale pa boneti n'kulikoka pang'onopang'ono, kapena kungolisindikiza kuti limwe madzi. Muzitsuka pamthunzi, m'mawa kapena madzulo, boneti itazizira. Galimoto yakuda imatentha msanga, ndipo madzi akaumirapo okha amasiya timawanga toyera ta mchere wa calcium ndi magnesium, makamaka ngati ndi a pamjigo kapena pachitsime. Munthu akaona timawangato amayamba kukwecha, timizere n'kuwonjezeka.

Sindikunena kuti siponji ilibe ntchito. Pa matayala ndi marimu ndi yoyenera, ndipo kumeneko golovesi yanu isapiteko n'komwe, chifukwa fumbi lakuda la mabuleki lili ndi tizidutswa ta chitsulo timene tikalowa mu ubweya sitichoka msanga. Siponji yanu yakaleyo muidule ngodya imodzi kuti aliyense pakhomo aziizindikira kuti ndi ya matayala, ikhalenso ndi kandowa kake. Komanso munthu amene ali ndi Probox yoyera yonyamula katundu, kapena minibasi yotsukidwa usiku uliwonse, ndingamuuze kuti siponji yaikulu yofewa ya mabowo akuluakulu ndi yokwanira, bola athire madzi poyamba ndipo akhale ndi ndowa ziwiri. Pa galimoto yotero kusiyanako sakuona ndi maso. Aliponso masiponji ena opangidwira dala penti, ofewa kwambiri ndiponso ochekedwa timabokosi pankhope kuti mchenga uzilowa m'mipatamo. Amenewa amayenda ndi mankhwala otsukira osafuna kutsukuluza, oti ndowa imodzi kapena ziwiri zimakwanira galimoto yonse. Abale athu okhala ku Cape Town akukumbukira chilala cha 2018, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku ndipo kutsuka galimoto ndi madzi a mumpopi kunaletsedwa. Njira zosafuna madzi ambiri ngati zimenezi ndi za nthawi zotero. Koma zimayenera galimoto ya fumbi lochepa la pa tala. Ya matope a msewu wadothi iyambe yathiridwa madzi basi.

Ngati golovesi yakuvutani kupeza kapena mwezi uno sizikutheka, pali njira ina imene ine ndimaiona yabwino mofanana, mwinanso kuposa. Gulani tinsalu ta microfibre tokhuthala, tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, mutiviike tonse m'ndowa ya sopo. Tengani kamodzi, kapindeni kawiri, ndipo mukhala ndi mbali 8 zoyera. Mbali imodzi idutse kagawo kamodzi, mutembenuze, ndipo zonse zikatha kansaluko mukaponye m'beseni la zochapa, osakabwezeranso m'ndowa. Mwanjira imeneyi madzi a sopo sada n'komwe ndipo ndowa yotsukuluzira siifunika, zimene zimathandiza masiku amene madzi ndi ogula pa kiyosiki. Tinsalu tina totchipa timakhala ndi msoko wolimba m'mbali kapena kapepala kosokerera. Kapepalako kadulenipo. Mukakayika ngati nsalu kapena golovesi ili yofewa mokwanira, ipukutireni kumbuyo kwa CD yakale yosakalika n'kuyang'ana padzuwa. Ikasiya mizere pa CD, isakhudze penti.

Kusamala golovesi sikovuta koma kumafuna mwambo. Mukamaliza, itsukuluzeni mpaka madzi atuluke oyera, ndipo muziichapa payokha kapena ndi tinsalu tinzake ta microfibre, ndi sopo wamadzi pang'ono m'madzi ofunda, osati otentha. Mukaichapira pamodzi ndi zovala za thonje imatola ubweya wake. Mankhwala ofewetsa zovala monga Sta-soft amamata ulusi wake moti siimwanso madzi bwino, Jik amaufooketsa, ndipo simbi imausungunula. Iyanikeni pachingwe pamthunzi, ikauma muiike m'jumbo kapena m'ndowa yovundikira, osati m'buti pamodzi ndi jeke ndi sipanala. Tizingwe tikayamba kuuma ndi kugwirana, kapena mukaona kuti dothi silikuchokanso, itsitseni udindo ipite ku marimu, mugule ina.

Masiku amene mwapita nayo ku car wash, tengani golovesi yanu ndi thaulo lanu. Anyamata a kumeneko amatsuka magalimoto ambiri patsiku, ndipo nsanza imene yangochoka pa matayala a lole ikhoza kufika pa boneti yanu popanda wina kufuna zoipa. Muwapemphe mwaulemu kuti ayambe aipopera madzi bwinobwino, atunge madzi atsopano m'ndowa, ndipo agwiritse ntchito zanuzo pa penti. Ambiri savuta, makamaka akadziwa kuti pamapeto pali kenakake ka fanta, ndipo mukapeza mmodzi womvetsa muzipita kwa yemweyo.

Timizere timene tilipo kale sitichoka ndi golovesi, ngakhale mutatsuka bwino chotani. Polishi wa wax amatibisa kwa masabata angapo, kenaka timaonekanso. Kutichotsa kwenikweni ndi kupolisha ndi makina, kumene kumapala clear coat pang'ono kuti ifanane ndi pansi pa timizereto. Popeza kagawo kaja n'kochepa kale, ntchito imeneyi siyochita chaka chilichonse, ndipo galimoto yogula yogwiritsidwa kale ntchito simudziwa kuti inapalidwapo kangati isanakwere sitima. Choncho yambani mwasintha katsukidwe kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mnyamata azolowere, ndiye mukapolishe kamodzi kwa munthu wodziwa. Mumuuze ayambe wayesa pa kagawo kakang'ono ndi polishi wofewa, muone padzuwa musanamulole kupitiriza, ndipo asamale m'mphepete mwa boneti ndi zitseko mmene penti imakhala yopyapyala. Mukapeza mzere woti chikhadabo chikukodwamo mukachiyendetsa mopingasa, umenewo walowa kwambiri ndipo makina asauthamangitse. Muudonthezere penti yokonzera ya nambala ya galimoto yanu, imene pa Honda imalembedwa pa kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko chakutsogolo kapena pansi pa boneti.